Kodi nyimbo za kwathu kuno zingamveke ku sukulu ya nyimbo ku Maputo?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Ulongué amene amapeka nyimbo za kwaya kutchalitchi kwawo. Akufuna akalembetse maphunziro a nyimbo ku Escola de Comunicação e Artes ya pa yunivesite ya Eduardo Mondlane, ndiye wamva zoti m'masukulu oterewa ophunzira amaonetsa nyimbo zopeka okha pamaso pa anthu, basi mantha amugwira, akufunsa ngati asiye za kumudzi n'kuyamba kupeka zomveka ngati za azungu.

Achimwene musasiye ayi, chonde. Zimene mukufuna kutayazo ndi zomwe anzanu a m'tauni alibe.

Tangoganizani za nyanga, zitoliro za bango za abale athu Anyungwe konkuno ku Tete. Aliyense amagwira tizitoliro tochepa, amauzira kamodzi, n'kuponyapo mawu a pakamwa, mnzake n'kulowa pampata umene iye wasiyawo, uku miyendo ikuvina mozungulira, ndiye nyimbo yonse imatuluka koma palibe mmodzi amene akuiimba yekha. Andrew Tracey, katswiri wofufuza nyimbo za mu Africa, anachita kubwera kudzaphunzira zimenezi mpaka kuzilemba mu 1971. Nanga mutatenga kalukidwe komweko n'kugawira anthu anayi a vayolini ndi chitoliro, holo singakhale chete kumvetsera? Pali ngoma ya Angoni athu a ku Angónia, mapazi kugunda pansi ngati ng'oma. Gule Wamkulu naye bungwe la UNESCO loona za chikhalidwe padziko lonse linamulemekeza mu 2005, chaka chimodzimodzi ndi timbila, valimba ya Achopi. Koma apa ndinene mosabisa, za kudambwe si zotengera ku siteji, tengani zokhazo zimene zimaimbidwa pabwalo aliyense akumva ndipo muyambe mwafunsa akuluakulu.

Pamene muyenera kudera nkhawa ndi pa kalembedwe. Kukwaya kwanu mumaimbira anthu mzere umodzi iwo n'kubwereza mpaka ilowe m'mutu, mwina mumalembako solofa pabolodi. Pa chionetsero cha ophunzira sizitero, nyimbo yanu amaimba ndi anzanu akuwerenga papepala, partitura ija, ndipo nthawi yoyeserera imakhala yochepa kwambiri moti chimene simunalembe sichimveka, kaya ndi pofewetsa mawu kaya popumira. Woliza chida aliyense amafuna pepala lakelake. Ndiye yambani lero kuphunzira manotsi a pamizere isanu aja. Pali pulogalamu yaulere ya MuseScore, mumalemba pakompyuta iyo n'kukuimbirani pompo, mumadzimvera nokha pamene mwaphonya.

China chimene aphunzitsi osadziwa Chichewa sangakuuzeni ndi chakuti chiyankhulo chathu chili ndi kukweza ndi kutsitsa mawu kwakekwake. Mtengo womera m'tchire ndi mtengo wogulira zinthu pamsika zimasiyana pa kamvekedwe basi. Mukaumiriza mawu kutsatira chuni chobwereka amamveka opindika, agogo akumudzi amva msanga kuti china chake chalakwika. Muziyamba mwayankhula mzerewo mokweza kangapo, chuni chituluke m'mawu momwemo.

Musanakwere basi ya ku Maputo, pitani ndi foni kwa amayi amene amatsogolera nyimbo pamaliro ndi pamtondo kwanuko, pemphani chilolezo muwajambule, kenako yesani kulemba nyimbo imodzi yokha pamizere ija. Mukamaliza munditumizire ndidzaione, tidzakonzere limodzi.