Agalu a ku Alaska m'kalasi ya sitandade 7: yambirani pa tebulo la nthawi

Aphunzitsi ena a sitandade 7 anditumizira imelo. Anamva kuti ku America anzawo amaphunzitsa masamu ndi jogalafe potsatira Iditarod, mpikisano wa ku Alaska wa agalu okoka ngolo pa chipale chofewa, ndiye akufunsa ngati zingatheke ndi ana oti chipale chofewa sanachionepo. Akuti asonkhanitsa kale zithunzi za agalu ndi nkhani ya galu wotchedwa Balto.

Zingatheke, aphunzitsi. Chandiyabwa ndi Baltoyo.

Ana ambiri amauzidwa kuti Iditarod imadutsa njira ya agalu amene anapulumutsa tauni ya Nome mu 1925. Zoona zake n'zakuti chaka chimenecho ku Nome kunagwa matenda a diphtheria, mankhwala anayenda pa sitima ya pamtunda mpaka ku Nenana, ndipo kuchokera kumeneko anthu 20 ndi agalu pafupifupi 150 anapatsirana phukusilo mtunda wa mamailosi 674 kwa masiku asanu ndi theka. Balto anali m'gulu lomaliza la Gunnar Kaasen, n'chifukwa chake ulemu unagwera iye. Chigawo chachitali ndi choopsa anachiyenda ndi Leonhard Seppala ndi galu wake Togo. Mpikisano weniweniwo unayamba mu 1973, ndipo Joe Redington Sr. ankafuna kuti agalu okoka ngolo asathe, poti midzi inali itayamba kudalira makina oyenda pa chipale, komanso kuti njira yakale ya makalata ndi golide isaiwalike. Njira ziwirizi zimakumana kutsogolo, pa mtsinje wa Yukon ndi kugombe. Mukawasakanizira ana zimenezi tsiku loyamba, mapu awasokoneza mpaka tsiku lomaliza.

Ndinenenso mosapsatira: zithunzi za agalu zimatha mphamvu pa tsiku lachiwiri. Mwana aona galu wa maso abuluu, aseka, basi. Chimene chimagwira kalasi kwa milungu iwiri ndi tebulo la nthawi limene okonza mpikisano amaika pa intaneti, losonyeza ola limene musher aliyense, ndiye kuti woyendetsa agalu, walowa ndi kutuluka pa malo oimapo, ndi agalu angati. Masamu onse ali mmenemo, ndipo n'zolemba chabe, sizidya bandulo ngati mavidiyo.

Mpikisanowo umayenda chonchi. Loweruka loyamba la Malichi pamakhala mwambo woyambira mumzinda wa Anchorage, womwe nthawi yake siwerengedwa. Mawa lake amanyamuka zenizeni ku Willow kupita ku Nome, mtunda wa mamailosi pafupifupi 1,000, omwe ndi makilomita 1,600. Mukaona nambala ya 1,049 musaigwiritse ntchito powerengetsera. 49 anaiwonjezera chifukwa Alaska ndi chigawo cha 49 cha United States. Ngoloyo ilibe mawilo, imatsetsereka ngati chileyi cha ng'ombe. Gulu limanyamuka ndi agalu osachepera 12 ndipo liyenera kufika ku Nome ndi osachepera 5 akukoka. Chiwerengero chapamwamba chasinthapo pakati pa 16 ndi 14, choncho werengani malamulo a chaka chimenecho. Njira nayonso musaijambule msanga. Mwa chizolowezi zaka zogawika ndi 2 amadzera kumpoto, zinazo kumwera, kupatukana pa Ophir n'kukakumananso pa Kaltag, koma mu 2003, 2015, 2017 ndi 2025 chipale chinachepa moti ananyamukira ku Fairbanks. Limenelo palokha ndi phunziro la kusintha kwa nyengo, ndipo silifuna kukokomeza.

Pali chinthu chimodzi chimene chimapusitsa ngakhale akuluakulu. Amene ali patsogolo pa mapu nthawi zambiri si amene akutsogola. Musher aliyense ayenera kupumitsa agalu maola 24 pamalo amene wasankha, maola 8 pa Yukon, ndi maola 8 ena pa White Mountain, mamailosi 77 asanafike ku Nome. Wina akagona pa malo oimapo a Takotna, mnzake amamupitirira n'kuoneka ngati ngwazi, pomwe ngongole yake ya maola 24 sanabweze. Onjezani apo kuti magulu amanyamuka motalikirana mphindi ziwiri, ndipo kusiyanako amakukonza pa nthawi yopuma yaitaliyo. Tiyerekeze kuti magulu ndi 40: woyamba ananyamuka mphindi 78 womaliza asananyamuke, ndiye apuma maola 25 ndi mphindi 18, womalizayo maola 24 okha. Mwana akaitulukira yekha imeneyi, osauzidwa, kuchotsera ndi kuchulukitsa kwa nthawi sakuiwalanso.

Nkhani ya imfa za agalu musaibise. Mu 2024 agalu atatu anafa pa mpikisanowu, ndipo mabungwe oona za ufulu wa nyama monga PETA akhala akufuna kuti uthetsedwe. Mbali inayo imanena za madokotala a ziweto amene amapima agalu pa malo oimapo, ndi ndege zing'onozing'ono za anthu odzipereka zimene zimanyamula galu wotopa kapena wovulala. Galu akatsitsidwa salowedwa m'malo. Ana a sitandade 7 angathe kukangana pa zimenezi ndi mfundo, ndipo ndi iwo amene ayambe kufunsa akaona gulu lawo latsika kuchoka pa 14 kufika pa 9. Mphunzitsi amene amangoonetsa chikho ndi kumwetulira akuwanamiza ana. Chimodzimodzi amene amaiwala kuti luso la agaluli ndi la eni dziko, a Inupiaq, a Yup'ik ndi a Athabascan. John Baker, yemwe anapambana mu 2011, ndi wa Inupiaq. Peter Kaiser wa 2019 ndi wa Yup'ik. Atsikana auzeni za Libby Riddles, mayi woyamba kupambana mu 1985, ndi Susan Butcher yemwe anapambana kanayi. Amuna ndi akazi amapikisana limodzi, palibe gulu lapadera.

Zoti muchite

Mlungu umodzi mpikisano usanayambe, mangani chingwe cha mamita awiri pakhoma, sentimita imodzi kuimira mamailosi 5, ndipo ana ayeze okha pomata mayina a malo oimapo. Gawani kalasi m'magulu, gulu lililonse litole dzina la musher m'chipewa. Akasankha okha onse athamangira wotchuka. Gulu lililonse likhale ndi tsamba la mizere isanu: malo, nthawi yolowa, nthawi yotuluka, agalu, liwiro. M'mawa uliwonse koperani manambala pa foni n'kuwalemba pa bolodi. Mphindi 15 zikwana.

Yambani ndi chigawo chosavuta. Nikolai mpaka McGrath ndi mamailosi 48, ndiye woyenda maola 6 wathamanga mamailosi 8 pa ola. Rohn mpaka Nikolai ndi 75, ndipo ambiri amagoneka agalu m'njira, choncho liwiro lituluka lochepa modabwitsa. Musawakonzere, afunseni kuti maola enawo apita kuti. Kuchulukitsa kulipo kale m'malamulo: galu aliyense ayenera kukhala ndi tinsapato ta nsalu 8 toteteza mapazi ku madzi oundana, ndiye agalu 14 ndi 112. Galu mmodzi amawotcha ma calorie 10,000 kapena kuposa pa tsiku. Kuzizira amakulemba mu Fahrenheit, ndiye kuti mupeze Celsius chotsani 32, chulukitsani ndi 5, gawani ndi 9. Apatseni -4 apeze -20, kenako -40 aone kuti yankho ndi -40 yemweyo.

Chimene chimalakwika kawirikawiri ndi wotchi. Tebulo limalembedwa m'nthawi ya ku Alaska, yomwe ili kumbuyo kwa ya ku Malawi ndi maola 11, koma Lamlungu lachiwiri la Malichi amasuntha wotchi ola limodzi, kusiyanako n'kukhala 10. Ulendo wodutsa pakati pa usiku nawonso umawagwetsa ana, ndiye aphunzitseni kuwerenga mpaka 24:00 kaye, kenako kuwonjezera otsalawo.

Wopambana amafika patatha masiku 8 mpaka 10, ndipo makalasi ambiri amatsekera pomwepo, gulu limene linatola musher wochedwa n'kutsala m'malere. Mpikisano umatha womaliza akafika ku Nome, masiku angapo pambuyo pake, ndipo amalandira mphoto ya nyali yofiira yotchedwa Red Lantern. Chingwe chisachoke pakhoma iyeyo asanafike. Ngati musher wa gulu lina wasiyira panjira, gululo lilembe malo, tsiku ndi chiwerengero cha agalu amene anatsala nawo, kenako litole dzina lina mwa amene ali kumbuyo.