Mwana akangoyamwa amayamba kuti hiki! hiki! Ndimupatse madzi?

Mayi wina wa ku Chilomoni wanditumizira kalata pa imelo. Akuti mwana wawo wa miyezi iwiri akangomaliza kuyamwa amayamba kuti hiki! hiki! thupi lonse likugwedezeka, mwina kawiri kapena katatu pa tsiku. Apongozi awo akuti amumwetse timadzi ta shuga pa supuni, koma iwo mtima ukukana. Akufunsa chochita.

Amayi, mtima wanuwo ukunena zoona. Madzi ayi. Mwana wosakwana miyezi 6 amafunika bere lokha, ndipo izi ndi zomwe a Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amalangiza. Madzi amadzaza kamimba kake kenako mwana sayamwa mokwanira, komanso angabweretse matenda otsegula m'mimba. Uchi ndiye musayerekeze n'komwe mpaka atakwanitsa chaka.

Chimene chikuchitika n'chaching'ono. Pansi pa mapapo pali mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, umene umatithandiza kupuma. Kamimba ka khanda kakadzaza msanga ndi mkaka kapena mpweya, kamakankha mnofuwo, iwo n'kumadzidzimuka. Mpweya umalowa mwamphamvu, kholingo n'kutsekeka mwadzidzidzi, ndiye kaphokoso mukumvako. Ana amayamba zimenezi ali m'mimba. Mwina mukukumbukira miyezi yomaliza ya pakati, pamene mumamva kugunda kwa apo ndi apo pamalo amodzi. Tamuyang'anitsitsani nkhope zikamuchitikira: nthawi zambiri amangoti maso mwaa kudenga, ena mpaka kugona tulo. Wovutika ndi inu, iye ayi. Pakadutsa mphindi 5 kapena 10 zimaleka zokha.

Chothandiza kwambiri ndi kumugeyetsa. Musadikire kuti amalize mabere onse awiri. Akamaliza loyamba, yalani kansalu paphewa, mumukoleke pamenepo chibwano chili paphewa lanu, dzanja lina likuchirikiza khosi, n'kumamusisita msana pang'onopang'ono kuchokera m'munsi kukwera m'mwamba. Akageya ndiye mumupatse linalo. Akakhuta mukhale naye choimika mphindi ngati 20 musanamugoneke, ndipo pogona azigona chagada. Onaninso mmene wagwirira bere. Kamwa iziyasama bwino, atenge ndi mbali yakuda ija, osati nsonga yokha. Mukamamva "tsa, tsa" akuyamwa, akumeza mpweya. Komanso musamadikire kuti alire mpaka kufiira ndiye mumuyamwitse, pakuti mwana wanjala amayamwa mwaphuma. Akayamba kuyamwa zala ndi kutembenuza mutu kufunafuna bere, nthawi yakwana. Zikayamba ndithu, kumubwezera kubere pang'ono nthawi zina kumaziletsa.

Za kaulusi konyowetsa ndi malovu n'kukamata pachipumi, tonse tinakulira momwemo. Sikachiritsa, zimangoleka chifukwa nthawi yake yakwana, koma ngati agogo akufuna kukamata, asiyeni, bola kasafike pakamwa kapena m'mphuno. Zimene ndimakana kwamtuwagalu ndi kumudzidzimutsa, kumutsina mphuno, kumukoka lilime kapena kumugwedeza. Kugwedeza khanda kungavulaze ubongo. Gripe water wa m'mashopu uja nayenso palibe umboni woti amathandiza pa vutoli, ndalamazo gulirani sopo.

Apongozi musakangane nawo, akunena mwachikondi. Tsiku la sikelo muwapemphe akuperekezeni, akamve okha kwa anamwino. Mawu omwewo akachokera kwa a nesi amalandiridwa bwino kusiyana ndi akachokera kwa mpongozi.

Pali nthawi yoti musakhale pansi. Ngati mwana akusanza mwamphamvu akayamwa, akulira n'kumapinda msana ngati akumva ululu, akukana bere, kapena sikelo yake sikukwera m'buku, pitani naye ku chipatala chanu cha Chilomoni akamuone. Akatentha thupi, akamapuma movutikira kapena mobanika, kapena milomo ikasintha mtundu, musadikire kuti kuche, thamangirani ku chipatala chachikulu cha Queens usiku womwewo, buku lake la kuchipatala lili m'manja.