Nyanja yamchere tilibe, nanga maphunzirowa ngachiyani?

FUNSO: Ndimaphunzitsa Bayoloji pa sekondale ina yoyendera kuno ku Lilongwe. Ahedi andisankha kukachita nawo maphunziro a aphunzitsi a sayansi patchuthi chikubwerachi, ndipo mutu umodzi ndi wa momwe madzi a kumtunda amakhudzira gombe la nyanja yamchere. Ife nyanjayo tilibe, ngakhale labotale tilibe. Kodi si kungotaya nthawi kumeneku?
Mayi mphunzitsi, Area 25

YANKHO: Mayi, pitani ndithu, koma musapitire alawansi yokha. Musakane, choko ndachigwirapo inenso.

Mvula ikagwa mu Januwale, mukaime pa mlatho wa pafupi ndi msika waukulu muone madzi a mtsinje wa Lilongwe ali psuu. Madziwo achokera ku Dzalanyama, adutsa m'madamu awiri a Kamuzu, lakale lija la 1966 ndi linzake. Mutauni muno akumana ndi Lingadzi, kutsogolo ndi Linthipe, n'kukathira m'nyanja ya Malawi ku Salima. Mtsinje wotulutsa madzi m'nyanjayo ndi umodzi basi, Shire, womwe umapukusa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira usanakathire mu Zambezi ku Mozambique. Zambeziyo ndiye amakafika ku nyanja yamchere ya Indian Ocean. Ndiye gombelo tilibedi, koma kumtunda kwake ndi kuno tikukhalaku.

Kufiirako ndi nthaka ya m'minda mwathu ndi m'nkhalango yomwe yatha ndi makala. Ina imakwirira madamu omwe timamwako, ina imakakhazikika m'nyanja n'kuphimba ndere za pamiyala zomwe nsomba za mbuna zimadya.

Za labotale zisakudetseni nkhawa. Ine ndinkadula mabotolo awiri apulasitiki chamlitali, lina ndikuikamo dothi lokhalokha, lina chibuma cha udzu ndi mizu yake. Ndikawapendeketsa pa njerwa, mwana ankathira kapu imodzi ya madzi m'botolo lililonse. Kwina kunkatuluka phala, kwina madzi ongodetsedwa pang'ono. Mnyamata wina wa Fomu 2, wosayankhula m'kalasi chaka chonse, anangoti, "Aphunzitsi, ndi munda wa agogo umenewo." Mukhozanso kutunga madzi a mumtsinje mu Januwale ndi mu Ogasiti, kuwagoneka usiku m'mabotolo ofanana, m'mawa ana n'kuyeza matope a pansi ndi rula.

Mukafika kumeneko musangokopera manotsi. Ngakhale maphunziro a SMASSE, osula aphunzitsi a masamu ndi sayansi, omwe Unduna wa Zamaphunziro unayambitsa mothandizidwa ndi bungwe la ku Japan la JICA, mfundo yake ndi yomweyi, yoti ana azigwira ndi manja pogwiritsa ntchito zopezeka pafupi. Choncho wophunzitsa akaonetsa chida chodula, kwezani dzanja mumufunse chomwe mungagwiritse ntchito m'malo mwake muli ndi ana 90.

Koma madzi a mumtsinjewo muzitunga nokha ndi ndowa yachingwe, ana asalowemo. Likodzo lilipo, ndipo simunaiwale kuti mu Januwale 2023 sukulu za mumzinda uno zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera.