Musaigumule mbaulayo, yambani mwaona chumuni

Mayi, mwati mbaula yanu ya njerwa inkakoka bwinobwino chaka chatha, koma kuyambira mu Juni utsi ukungodzadza m'khitchini mpaka misozi, ndiye mukufuna kuigumula. Dikirani kaye. Ine ndili ku Senga Bay, zomwezi zinandichitikira, ndipo mbaula inalibe mlandu.

Chumuni chimakoka chifukwa utsi wotentha ndi wopepuka. Ukamakwera, mpweya wina umalowa pakhomo la nkhuni n'kukoleza moto. Njirayi ikatsekeka penapake, kapena utsi ukazizira usanatuluke, umabwerera kwa wophika.

Yambani ndi mwaye. Moto utazimiratu, zulani paipi ya chumuni, muone makamaka pamene yakhota, chifukwa mpomwe zinthu zimaunjikana. Yanga nditaigogoda panagwa mwaye wodzadza beseni, kuphatikizapo kanyumba ka dothi ka mavu. Bowo lotsala linali longokwana zala ziwiri. Mangirirani chiguduli kunsonga ya nsungwi, mukolope mkati monse. Mukapeza zakuda zomata ngati phula, dziwani kuti mwakhala mukusonkhezera nkhuni zaziwisi. Zimenezo zimatha kuyaka mkati mwa paipi, ndiye ngati denga lili la udzu si zochitira chibwana.

Kenako mwera. Poti mwatchula Juni, ndikuukayikira kwambiri. Miyezi ino umawomba mwamphamvu kuchokera kummwera, ndipo ngati chumuni chathera m'munsi mwa nsonga ya denga, kapena pafupi pali mtengo wa mango, mphepo imagunda pamenepo n'kutsikira m'paipi. Muone bwino: utsi ukamavuta tsiku la mphepo lokha, tsiku la bata n'kumakoka, vuto ndi kutalika. Pitani kwa okhoma zidebe akuwonjezereni paipi kuti ipitirire nsonga ya denga ndi masentimita ngati 60. Kachipewa ka pamwamba n'kabwino, koma ambiri amakakhomera pansi kwambiri mpaka utsi kusowa potulukira. Pakhale mpata wokwana dzanja.

M'mawa paipi imakhala yozizira, sikoka msanga. Yatsani pepala kapena udzu wouma mkati, cha kumene chumuni chayambira, kenako muike tinkhuni ting'onoting'ono kapena zitsononkho. Zikuluzikulu zibwere moto utagwira. Nkhuni ikamalira kuti tsiii n'kumatuluka thovu kumapeto, ichotseni ikaume. Phulusa muzichotsa tsiku lililonse, ndipo musapanikize nkhuni pakhomo ngati mukutseka khola.

China chomwe timachita tonse kukazizira ndi kutseka chitseko ndi windo. Mbaula imasowa mpweya, ndipo utsi wa m'nyumba yotseka umapweteketsa mutu, nthawi zina umapha. Siyani potsegula, makamaka ngati mukuphika muli ndi mwana kumbuyo.

Mukachita zonsezi koma osasintha, jambulani denga chumuni chikuoneka, komanso pakhomo la nkhuni, muponye muno tione ngati omanga anachepetsa bowo lopita kuchumuni.