Yankho kwa mayi amene amuna awo anachotsedwa pa udindo atadwala ali ku usilikali

Mayi, mwalemba kuti amuna anu ndi msilikali m'gulu la asilikali a pamtunda a dziko la America, kuti chibwerereni ku Iraq akhala akuvutika ndi chifuwa ndi kubanika, ndiponso kuti dokotala atawaletsa ntchito zolemetsa, akuluakulu anawachotsa pa udindo n'kuwalembera lipoti loipa la kagwiridwe ka ntchito. Mukufunsa ngati angasumire akuluakuluwo kukhoti pa mlandu wa tsankho. Pepani kwambiri, chifukwa n'zowawa kuona munthu amene anadwalira pa ntchito akuonedwa ngati waulesi.

Njira ya kukhoti ndi yotsekeka kwambiri, ndipo ndi bwino mudziwiretu musanawononge ndalama. M'chaka cha 1950, pa mlandu wa Feres, khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti msilikali sangasumire boma pa zovulala zochokera pa ntchito yake. Mu 1983, pa mlandu wa Chappell ndi Wallace, asilikali a pamadzi anadandaula kuti akuluakulu awo ankawamana ntchito zabwino ndi kuwalembera malipoti oipa chifukwa cha khungu lawo, koma khotilo linakana kuti awasumire kufuna chipukutamisozi. Komanso malamulo amene amateteza anthu olumala pa ntchito wamba sagwira ntchito kwa asilikali ovala yunifolomu. Izi sizikutanthauza kuti amuna anu alibe kolowera, koma kuti nkhondo yawo ili m'mapepala a usilikali momwemo.

Lipoti loipalo ndi limene ndikufuna muliganizire kwambiri, chifukwa likakhala m'failo yawo lidzawatsekereza kukwezedwa pa udindo kwa zaka zambiri. Lamulo la asilikali lotchedwa AR 623-3 limalola kuchita apilo yotsutsa zimene zalembedwa pasanathe zaka 3 kuchokera pa tsiku lomaliza la nyengo imene lipotilo likunena. Ovomereza apilo amayamba ndi maganizo akuti lipotilo ndi lolondola, ndipo ndi udindo wa msilikali kubweretsa umboni woonekeratu ndi wokhutiritsa. Kungolemba kuti "amandida chifukwa ndikudwala" sikuwasuntha. Chimene chimawasuntha ndi kuyala masiku motsatana: malipoti abwino a zaka za m'mbuyo, tsiku limene dokotala analemba fomu ya DA 3349 yosonyeza ntchito zimene sangathe, kenako tsiku limene mawu a akuluakulu anasintha. Ngati lipotilo likuwadzudzula polephera ntchito imene fomuyo inawaletsa, pamenepo ndi pamene pali mphamvu ya mlandu wawo. Apezenso makalata a anthu amene ankaona ntchito yawo ndi maso m'nyengo imeneyo, osati a abwenzi ongowayamikira.

Za kuchotsedwa pa udindo n'zovutirapo, popeza akuluakulu ali ndi mphamvu zambiri posankha woika pa udindo uliwonse. Ngati chiganizocho chinachokera kwa komanda wawo, gawo la malamulo a usilikali lotchedwa Article 138 limawalola kumupempha mwa kalata kuti akonze cholakwacho, ndipo akakana, dandaulo limakwera kwa akuluakulu a pamwamba. Nthawi yake ndi masiku 90 okha kuchokera pamene anadziwa za cholakwacho. Ngati anachotsedwa atangodandaula kwa Inspector General, amene amafufuza madandaulo a asilikali, kapena kwa phungu wa Congress, nyumba ya malamulo ya dzikolo, kumeneko ndi kubwezera kumene lamulo limaletsa, ndipo ali ndi chaka chimodzi choti akanene.

Chimene ambiri amachinyalanyaza, chonsecho n'chofunika kuposa udindo umene watayikawo, ndi kuonetsetsa kuti matendawo alembedwa kuti anabwera chifukwa cha ntchito. Lamulo la PACT la mu Ogasiti 2022 linavomereza kuti matenda angapo a m'mapapo mwa asilikali amene anapuma utsi wa maenje owotcheramo zinyalala ku Iraq ndi ku Afghanistan aziwerengedwa ngati ochokera ku ntchito akamapempha thandizo ku nthambi yoona za asilikali akale. Ndipo ngati madokotala a usilikali atagamula kuti sangapitirize ntchito, kulumala kofika 30 peresenti kumawapatsa mwayi wopuma ndi penshoni m'malo mongolandira ndalama kamodzi. N'chifukwa chake ndikuwachonderera kuti asasainire pepala lililonse losiya ntchito chifukwa chokhumudwa madokotalawo asanamalize kuwaunika.

Apilo ikakanidwa, pali bungwe lokonza zolakwika m'mafailo a asilikali lotchedwa ABCMR, limene amalipempha pa fomu ya DD 149 pasanathe zaka 3. Koma asanalembe kalikonse, apite ku ofesi ya maloya a asilikali pa kampu yawo, kumene thandizo ndi laulere, atanyamula makope a malipoti onse, mapepala a kuchipatala ndi kalata yowachotsa pa udindo, ndipo afunse loyayo kuti awawerengere masiku 90 aja kuti adziwe ngati sanathe.