Yankho kwa achemwali pa chithunzi cha chiwombankhanga

Eee, achemwali, ndamva funso lanu lija, loti chithunzi mwatumizacho n'cha ku China komanso ngati anachijambula ndi burashi. Ayi, n'cha ku Japan, ndipo n'chodinda, chochokera pamatabwa osemedwa. Mwini wake ndi Hiroshige, anachitulutsa mu 1857 pagulu la zithunzi za mzinda wa Edo, womwe lero ndi Tokyo. Chaka chotsatiracho bamboyo anamwalira.

Tachikulitsani pafoni panupo. Chiwombankhanga chadzaza kumwamba konse, mapiko tambasu, mutu chozondoka, maso ali pansi. Pansipo ndi dambo la m'mbali mwa nyanja, malo otchedwa Jumantsubo, layera mbuu ndi chipale chofewa. Pamadzipo pali kambiya kathabwa kakuyandama, ndipo kutali uko mukuona phiri la Tsukuba. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti munthuyu sanakwerepo ndege, koma akutionetsa dziko mmene mbalame imalionera.

Ndiye kapangidwe kake, mumvetse bwino, pajatu ndi pomwe pali nkhani. Hiroshige ankangojambula papepala. Mmisiri wina ankamata pepalalo pathabwa la mtengo wa cherry n'kusema, kuchotsa paliponse popanda mzere, mpaka nthenga imodziimodzi. Mtundu uliwonse thabwa lakelake. Kenako wodinda ankapaka pathabwapo utoto wosakaniza ndi kaphala ka mpunga, n'kuyala pepala lopangidwa ndi makungwa a mtengo wamtundu wa mabulosi, n'kumalitikita kumsana ndi kachipangizo kozungulira kotchedwa baren, kokutidwa ndi khoko la nsungwi. Pepala lomwelo libwerere pathabwa lina, lina, osaphonya ngakhale pang'ono. Buluu uja akuyamba wakuda n'kumazimirira pang'onopang'ono, amamutcha bokashi, ndipo wodinda ankamupaka ndi dzanja pathabwapo asanadinde pepala lililonse. Anthu amenewa ine ndimawapatsa ulemu kwambiri, ngakhale dzina lotchuka ndi la wojambula.

Dambolo lero kulibe, pamangidwa nyumba zokhazokha.

Poti mumakonda akakowa, mufufuzenso Ohara Koson, anamwalira mu 1945. Akakowa ake ali m'bango, ena pamvula.

Za chithunzi chomwe mwachiona m'sitolocho, musafulumire kutulutsa ndalama. Apempheni achichotse mufelemu muone kumsana. Chodindidwa pamanja utoto umalowerera mpaka kuseri, ndipo mumaona timizere tozungulira ta baren. Kukakhala koyera see, kawirikawiri n'cha makina, mulipire mtengo wa positala basi.