Yankho kwa alamu pa za ulendo wa ku Shire

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamva funso lanu lija, loti mukufuna kupita ndi ana ndi agogo ku Liwonde kukaona Shire pa Khirisimasi, ndiye mukufunsa ngati kagalimoto kanu kangakafike. Kulemba kunditalikira, ndingoyankhula.

Choyamba, ngati n'kotheka sinthani mwezi. Mu Disembala mvula imakhala itayamba, ndipo dothi la m'paki ya nyama zakutchire ya Liwonde muja ndi la makande. Likangonyowa limamata matayala, galimoto yotsika imangotitimira. Udzu umatalikanso, madzi amapezeka paliponse, ndiye nyama zimabalalika m'tchire. Pitani mu Ogasiti ana atatsekera sukulu. Nthawi imeneyo zithaphwi zauma, njovu, nswala, njiri, anakodzwe, zonse zimatsikira kumtsinje kudzamwa. Okutobala nyama zimaoneka bwino kwambiri, koma kutentha kwake kwa m'chigwa muja agogo sangakupirire, ayi.

Njira yake kuchokera ku Lilongwe, tsatani M1 kudutsa Dedza ndi Ntcheu, mukhotere ku Balaka mpaka pa Liwonde. Ndi makilomita pafupifupi 250, muwerengere maola anayi chifukwa cha marodibuloko ndi ana ofuna kutsika. Mafuta mudzadziretu musanalowe, m'paki mulibe pothira. Mukawoloka mlatho wa pa Kamuzu Barrage, geti lalikulu la paki lili makilomita ochepa kuchokera m'tauni. Koma ngati mwabukitsa ku Mvuu Camp, malo ogona alendo a m'pakimo, kuli njira ina ya ku Ulongwe, pa msewu wa ku Mangochi. Mumasiya galimoto tsidya lino, boti n'kudzakuwolotsani. Imeneyo muwaimbire kaye akuuzeni nthawi.

Musaiwale ziphaso za unzika, aliyense wamkulu chake. A Malawife timalipira zochepa pageti kuyerekeza ndi alendo akunja, koma popanda chiphaso mudzavutika kufotokoza. Geti amatseka 6 koloko madzulo, musadzafike kutada.

Tsono mvetsetsani apa. Ndalama zikachepa, siyani zina zonse koma boti musalisiye. Kukongola kwa Liwonde kuli pamadzi. Ulendo wake umatenga maola ngati awiri, ndipo wabwino ndi wa chakumadzulo, dzuwa likamapendeka kuseri kwa migwalangwa ndi milambe. Mvuu mudzaziona mpaka kutopa kuwerenga, ng'ona zitayasamula pamchenga, nkhwazi ikulira pamwamba pa mtengo, njovu zikudya bango madzi ali m'mimba. Pobukitsa funsani ngati ali ndi majekete oyandamitsa a saizi ya ana. Jekete la wamkulu mwana akagwera m'madzi limangomuvuka kudzera kumutu. Ana akhale pakati, dzanja lisalowe m'madzi ngakhale kamodzi, ndipo asathamangire mbali imodzi onse akaona nyama, boti limapendama.

Kumtunda nakonso, m'mphepete mwa mtsinje si posewera, si posamba, si potsukira mapazi. Ng'ona imabisala pamadzi osaya pomwe simukuganizira. Usiku mvuu zimatuluka kudzadya udzu mpaka pafupi ndi malo ogona, ndiye wofuna kutuluka aitane mlonda, atenge tochi. Choopsa kwambiri ndi kupezeka pakati pa mvuu ndi madzi, chifukwa ikadzidzimuka imathamangira kumtsinje, chilichonse chili panjira imaponda.

Mukamayenda pagalimoto m'paki, osatsika. Chiyambire pamene bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks linayamba kuyang'anira malowa mu 2015, anabwezeretsamo nyama zolusa, mikango inafika mu 2018. Njovu ikatseka msewu imani patali, osaliza hutala, injini isazime. Ikamagwedeza mutu, makutu itatambasula, makamaka ya mwana, bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono.

Zovala, pewani zakuda ndi zabuluu, zimakoka kashembe, ndipo kuluma kwake mwana amalira zenizeni. Tengani za khaki za manja aatali, zipewa, ndi juzi la m'mawa poti Ogasiti pamadzi pamazizira. Madzi akumwa, malita awiri munthu aliyense patsiku. Chakudya musachisiye poyera, anyani ndi apusi amatsomphola m'manja mwa mwana.

Udzudzu nawo ulipo chaka chonse. Mankhwala odzola atengedwe, aliyense agone mu neti. Mukabwerera, wina akatentha thupi patapita sabata imodzi kapena ziwiri, musati ndi kutopa kwa ulendo, kamuyezetseni malungo tsiku lomwelo. Za mwadzidzidzi, chipatala cha boma la Machinga chili pa Liwonde pomwepo.

Masiku awiri ogona ndi okwanira. Mundiuze mulipo angati, tione ngati tingaphatikize magalimoto. Moni kwa agogo.